Mtengo wa galimoto yakale ya V8 yosinthidwa: mmene mungaupezere musanaitsatse

Ndimakonza magalimoto akale m'galaja ina kum'mawa kwa Johannesburg, ndipo mwezi sutha popanda wina kunditumizira zithunzi pa WhatsApp n'kufunsa kuti, "Achimwene, imeneyi ingapite pa zingati?" Ena ndi anzathu a kumudzi omwe tili nawo kuno ku Joni, ena ali ku Britain kapena ku America, ena galimotoyo ndi ya abwana awo ndipo angotumidwa kuti afufuze. Zithunzi zake zimakhala zitatu nthawi zonse: kutsogolo, injini yopukutidwa mpaka kuwala, ndi marimu. Kenako pamabwera mawu omwe ndimawadziwa asanalembedwe n'komwe: "Komatu ndalowetsamo ndalama zambiri."

Pakamwa pandiwawa ndi kubwereza yankho limodzimodzi, ndiye ndalemba pano kuti wofunsa wina ndizingomulozera.

Ndikunena za magalimoto omwe ku America amati muscle car: a zitseko ziwiri, injini yaikulu ya V8 yokankha matayala akumbuyo, opangidwa makamaka kuyambira 1964, pomwe Pontiac GTO inatuluka, mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Mwa iwo muli Dodge Charger, Chevrolet Chevelle SS ndi Plymouth Road Runner, ndipo pa msika Ford Mustang ndi Chevrolet Camaro amaziponya m'gulu lomwelo. South Africa nayo ili ndi ake: Capri Perana ya Basil Green, Ford Fairmont GT, Chevrolet SS, ndi Firenza Can-Am yomwe anapanga 100 zokha. Galimoto ikakhala mmene inatulukira m'fakitale, mtengo suvuta kwenikweni, poti zofanana nayo zilipo ndipo mitengo yake inalembedwa. Mutu umawawa ikakhala yosinthidwa, chifukwa inzake yofanana nayo ndendende kulibe.

1. Malisiti aikeni kaye m'kabati

Musawataye, tiwafuna kutsogoloku. Koma musayambire pa iwo. Wogula amalipira galimoto yomwe yaima patsogolo pake, akuiyerekeza ndi zina zomwe angagule ndi ndalama yomweyo sabata yomweyo. Ngati munapentetsa kawiri chifukwa wopenta woyamba anaononga, limenelo ndi tsoka lanu. Ngati munagula makabuleta atatu musanapeze yoyenera, iye akuona imodzi. Ndipo Loweruka lililonse lomwe munagona chagada pansi pa galimotoyo kwa zaka zisanu, pa msika silibweza ngakhale senti. Zimawawa kumva, ine ndinazilawa tsiku lomwe ndinagulitsa Ford Ranchero yanga.

Mtengo womwe munagwirizana ndi a inshuwalansi nawonso musautenge ngati mtengo wogulitsira. Umenewo ndi wakuti akupatseni galimoto ikapsa kapena ikabedwa, ndipo kawirikawiri munautchula ndinu nomwe.

2. Fufuzani kuti inabadwa ili chiyani

Baji ya SS, GT kapena R/T imagulidwa pa intaneti ndipo kumata kwake n'kwa mphindi zisanu. Zoona zili pa nambala ya galimoto, VIN, ndi pa mapepala a ku fakitale. VIN ya zilembo 17 yomwe mumaidziwa inayamba mu 1981. Magalimoto awa ali ndi yaifupi, ndipo kampani iliyonse inkalemba mwa njira yake.

Mkulu wina anabweretsa ku galaja kwathu Mustang ya 1967 ya denga lotsetsereka mpaka kumbuyo, lija amati fastback, yakuda bii, mabaji a GT mbali zonse. Mtengo anali atauphika kale m'mutu. Ndinatsegula boneti, n'kupukuta chitsulo cha m'mbali mwa injini kumanzere ndi kansanza konyika mu petulo, kenako n'kuwalitsa tochi chapambali kuti zilembo zodindidwa zituluke: 7F01T. 7 ndi chaka, F ndi fakitale ya ku Dearborn, 01 ndi denga wamba la coupe, T ndi injini ya masilinda 6. Fastback yeniyeni ikanakhala 02. Wina kalekale anadula denga n'kuwotchererapo lina, ntchito yaukhondo ndithu, ndipo mkuluyo anaigula osadziwa. Anakhala chete nthawi yaitali atagwira chiuno, kenako anangoti, "Ndiye mayi a kunyumba ndawauza kale mtengo wina."

Kachitsulo ka pa chitseko musakadalire pakokha, chifukwa zitseko zimasinthidwa. Pa Mustang chilembo chachisanu ndicho cha injini: K ndi 289 yamphamvu, S ndi 390, R ndi 428 Cobra Jet (manambalawa ndi kukula kwa injini). Dodge ndi Plymouth savuta: VIN ya Charger R/T ya 1968 mpaka 1970 imayamba ndi XS29, ndipo injini ya Hemi ndi J mu 1968 ndi 1969, R mu 1970. Chevrolet ndiye mbuna. VIN ya Camaro ya 1969 imangokuuzani ngati inali ya masilinda 6 kapena V8, 12337 kapena 12437, osatchula ngati ndi SS kapena Z/28, mitundu yake yodula. Chevelle SS 396 ya 1966 mpaka 1968 imayamba ndi 138, koma ya 1969 ndi 1970 VIN yake siyisiyana ndi Malibu wamba. Pamenepo umboni ndi pepala la ku fakitale lotchedwa build sheet, lomwe nthawi zina limapezeka litapanikizika m'masipuling'i a mpando kapena pamwamba pa thanki, ndi kakhadi ka waranti kotchedwa Protect-O-Plate. Ford ya 1967 kupita kutsogolo mungaitanitsire Marti Report, Pontiac mapepala a PHS; onsewa amasonyeza mmene galimoto inatulukira m'fakitale. Perana yeniyeni ili ndi nambala yakeyake ya BG (Basil Green), ndipo a m'makalabu amadziwa kuitsimikiza.

Mawu awiri muwamva kwambiri. Akati numbers matching akutanthauza kuti injini ndi giyabokosi zomwe zilimo ndi zomwe inatuluka nazo m'fakitale, ndipo manambala odindidwa pa izo akugwirizana ndi VIN. Akati clone kapena tribute ndiye kuti ndi galimoto wamba yovekedwa zovala za yodula. Kugulitsa clone si mlandu mukanena poyera kuti ndi clone. Mlandu umabwera mukabisa.

3. Ipatseni giredi ngati si yanu

Amene analimapo fodya akudziwa: mlimi aliyense belo lake amaliona la giredi yapamwamba mpaka litafika ku okushoni. Kampani ya Hagerty, yomwe mitengo yake ambiri amayendera, imagawa magalimoto akale m'magiredi anayi. 1 ndi yopanda banga, yopita ku chionetsero itakwera ngolo. 2 ndi yabwino kwambiri, yoti muyang'anitsitse kuti mupeze cholakwika. 3 ndi yabwino yoyendera, yokhala ndi tizilema tooneka mukayandikira. 4 ikuyenda koma ikufuna ntchito. Pafupifupi aliyense wondifunsa amati yake ndi 2. Zambiri zomwe ndazikweza pa jeke ndi 3, ndipo kusiyana kwa mtengo pakati pa magiredi awiriwa si kwamasewera.

Chomwe chimagwetsa giredi msanga ndi dzimbiri. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Kulungani kamaginito m'kansalu kuti kasakande penti, ndipo kayendetseni m'munsi mwa zitseko ndi kuzungulira matayala akumbuyo. Pomwe kakana kugwira, pamenepo pali fila, phala lomata mabowo, osati chitsulo. Pa Mustang thirani madzi m'timipata ta mpweya tomwe tili pakati pa boneti ndi galasi lakutsogolo, ndiye mukasuzumire pansi pa dashibodi. Akadontha pa kapeti, chitsulo cha m'katimo chinadyeka, ndipo kuchikonza kumafuna kuchotsa galasi ndi madigadi. Pa Camaro ndi Chevelle yang'anani m'mphepete mwa galasi lakumbuyo. Pa Dodge ndi Plymouth tulutsani zonse za m'buti muone pansi pake ndi njanji za chasisi zakumbuyo.

Ngati mtima sukulolani, itanani makaniko yemwe sanaigwirepo ndipo si mnzanu wapamtima, mumulipire ola limodzi kuti akuuzeni zoipa zokhazokha.

4. Sonkhanitsani mitengo ya zomwe zinagulidwadi

Mtengo womwe mumauona pa Facebook Marketplace, Gumtree kapena AutoTrader ndi khumbo la mwini wake. Galimoto yokhala pamenepo miyezi isanu ndi itatu ikungokuuzani mtengo womwe anthu aukana. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo: werengani zomwe ndalama inasinthadi manja.

Mitengo yotere imapezeka pa masamba ogulitsira magalimoto ndi a okushoni monga Bring a Trailer, Mecum ndi Barrett-Jackson ku America, Car & Classic ndi Collecting Cars ku Britain, ndipo Classic.com imaisonkhanitsa pamodzi. Ubwino wa Bring a Trailer ndi wakuti zithunzi zonse zimatsala, ndi zapansi pomwe, ndiye mutha kuyerekeza giredi ndi maso anu. Kuno ku South Africa zogulidwa poyera n'zochepa, choncho pamafunika miyendo: pitani ku msonkhano wa Piston Ring ku Modderfontein kapena ku Cars in the Park ku Zwartkops, mucheze ndi omwe angogula kumene. Wogula amanena mtengo woona kuposa wogulitsa.

Pezani zosachepera zisanu, za chaka ndi bodi yofanana ndi yanu, zobadwa ngati yanu, zosinthidwa moyandikana ndi yanu, zogulidwa m'chaka chimodzi kapena chimodzi ndi theka chapitachi. Za 2021 ndi 2022 zisiyeni. Nthawi imeneyo mitengo inakwera modabwitsa kenako inabwerera m'mbuyo. Tayani yapamwamba kwambiri ndi yapansi kwambiri, mugwire zapakati.

Misampha ilipo iwiri. Woyamba: mtengo womwe Mecum ndi Barrett-Jackson amalengeza umaphatikizapo komishoni ya wogula, yomwe kawirikawiri ndi 10 pa 100 iliyonse. Akalemba madola 110,000, nyundo inagwa pa 100,000, ndipo pamenepo wogulitsa anadulidwanso komishoni yake ndi ya mayendedwe. Pa Bring a Trailer ndi zosiyana, mtengo wolembedwa suphatikiza 5 pa 100 yomwe wogula amalipira. Wachiwiri ndi wa pa kanema. Januwale aliyense ku Scottsdale, ku America, kumagulitsidwa magalimoto pansi pa magetsi owala, pakati pa anthu olemera omwe akupikisana pamaso pa anzawo, ndipo wina akaonera amadzuka m'mawa galimoto yake itakwera mtengo kawiri. Inde, Plymouth Hemi 'Cuda ya 1971 yotsegula denga inagulidwa madola 3.5 miliyoni ku Seattle mu 2014, koma zoterozo zinapangidwa zosapitirira 12. Barracuda yanu ya injini ya 318 ikungogawana nayo dzina.

5. Kuwerengera zomwe munasintha

Apa ndi pomwe ambiri amangoti "zimatengera" n'kudumpha. Ife tikhalapo.

Yambani ndi kudzifunsa kuti wogula galimoto imeneyi ndani, chifukwa ogula alipo a mitundu itatu ndipo samwerana madzi. Alipo wosunga, wofuna chilichonse chikhale cha ku fakitale mpaka mabawuti. Alipo woyendetsa, wofuna kuliza Lamlungu m'mawa, ilire kamodzi, iime akaponda buleki, isawire pa maloboti. Ndiye alipo wa restomod, wofuna maonekedwe akale koma zamkati zonse zamakono: injini ya LS ya Chevrolet kapena Coyote ya Ford, giyabokosi ya Tremec, mabuleki akuluakulu, mpweya wozizira. Uyu ndalama ali nazo, koma amafuna ntchito yomalizika bwino ndipo amafunsa dzina la galaja yomwe inaimanga. Zomwe mwapeza pa sitepe 2 ndizo zikuuzeni kuti wanu ndi uti.

Ngati galimoto inabadwa yosowa, monga Mustang ya K, Charger R/T, Z/28 ya umboni kapena Perana yeniyeni, wogula wanu ndi wosunga uja, ndipo samu yake ndi yochotsera. Tengani mtengo wa inzake yosasinthidwa ya giredi yomweyo. Chotsanipo ndalama yonse yomwe wogula adzawononge kuti aibwezere mwakale: kusaka mipando yoyenera, marimu oyenera, kupentanso mtundu wa ku fakitale, ndi ya amisiri. Kenako chotsaninso china pa zomwe sizingabwerere. Injini yoyambirira ikatayika yatayika; ngakhale mutapeza ya mtundu womwewo, nambala yake siyidzagwirizana ndi VIN. Pa galimoto yotere ndalama zomwe munalowetsa posintha zinatsitsa mtengo, ndipo palibe njira yokometsera mawu amenewa. Chokupulumutsani ndi zida zakale ngati munazisunga. Injini yakale yomwe yakhala pakona pa galaja itafunditsidwa lona ikhoza kuposa mtengo wa yatsopano yomwe ili m'galimotomo. Ipukuteni, mujambule nambala yake, muigulitsire limodzi.

Ngati inabadwa wamba, coupe ya masilinda 6 kapena V8 yaing'ono, Malibu kapena Camaro yopanda mbiri, kusintha kukhoza kukweza mtengo, poti palibe chamtengo wapatali chomwe munaononga. Apa tulutsani malisiti aja muwaunjike milu itatu.

Mulu woyamba ndi wa zothandiza kuyendetsa, zomangidwa ndi mabawuti zoti wina atha kumasula: mabuleki a disiki kutsogolo, chiwongolero cha pawa, giyabokosi ya magiya asanu, ladiyeta yabwino, mawaya atsopano, makina a mpweya wozizira, jekeseni wa mafuta m'malo mwa kabuleta. Izi wogula amazilipira, koma osati zonse. Lamulo langa ndi ili: ngati chida chili ndi lisiti ndipo sichinathe zaka zambiri, ndimawerengera theka la mtengo wa chidacho, ya amisiri osaiwerengera. Nthawi zina ndimaphonya, koma kawirikawiri ndimaphonyera kumwamba.

Mulu wachiwiri ndi wa zokonda mtima wanu: penti wosintha mtundu padzuwa, marimu a mainchesi 22, masipika odzaza buti, mipando yofiira yosokedwa dzina lanu, zonyezimira za pa injini, ekizozi yodzutsa mudzi wonse. Lembani ziro. Zina mwa izo lembani kuchotsera, chifukwa wogula akuwerengera kale ndalama yozichotsera. Kumbukiraninso kuti masitayilo amakalamba. Galimoto yomwe inamangidwa m'zaka za m'ma 1990, ya matayala onenepa kumbuyo ndi penti wa mizere yowala, inali mfumu nthawi yake. Lero wogula amaiona ngati ntchito yoyambiranso.

Mulu wachitatu ndi wa pomwe panadutsa chopukusira: boneti yobooledwa, denga lodulidwa kuti pakhale zenera, malo a matayala akumbuyo okulitsidwa, mapaipi achitetezo owotcherera mkati, dashibodi yodulidwa kuti wailesi yamakono ilowe. Izi zimachepetsa ogula. Zimakhululukidwa pokhapokha ngati galimoto yonse inamangidwa mwa pulani imodzi ndi mmisiri wodziwika, ndipo zowotcherera zake n'zoti munthu atha kuzijambula osachita manyazi.

Injini ndiyoyenera ndime yakeyake, poti ndi pomwe anthu amanama kwambiri, ena osadziwa kuti akunama. "Ili ndi mahatchi 500" popanda pepala la pa dayino, makina oyezera mphamvu ya injini, ndi nkhambakamwa. "Inamangidwa yonse" popanda lisiti la komwe anaboola masilinda ndi kupala kiranki, wogula amaiwerengera ngati injini yakale wamba. Injini yogulidwa yathunthu m'bokosi, ya lisiti ndi nambala, ndiyo yosavuta kuikira mtengo, komanso dziwani kuti wogula atsegula Summit Racing, sitolo ya zida za magalimoto, pa foni n'kuona mtengo wa yatsopano muli chiimire. Mtundu wa injini nawo ndi nkhani. LS mu Camaro kapena Chevelle amailandira, Coyote mu Mustang chimodzimodzi. Injini ya Chevrolet mu Ford imathamangitsa okonda Ford ambiri. Ndipo kuno kwathu kuli chizolowezi choika V8 ya Lexus m'chilichonse. Ndi injini yolimba, yotsika mtengo, ine ndaikapo zambiri m'mabaki, koma mu Fairmont kapena Mustang imagwetsa mtengo chifukwa wofuna galimoto yotere akufuna kumva kulira kwa Ford.

Yovuta kuposa zonse ndi yomwe yaima pakati pa msewu: injini yamakono yamphamvu koma mabuleki akadali a dilamu, penti wa chionetsero koma mawaya olumikiza ndi tepi. Wosunga saifuna, wa restomod amaiseka, ndiye imatsalira woyendetsa, yemwe thumba lake ndi laling'ono pa atatuwa. Mtengo wake muufune pakati pa magalimoto oyendera, osati pakati pa ma restomod a mashopu otchuka ngati Ringbrothers kapena Roadster Shop. Ndipo yomwe "yangotsala pang'ono kutha", magalasi ali m'katoni, mawaya akulendewera, imeneyo ndi pulojekiti ndipo imagulidwa pa mtengo wa pulojekiti. Wogula aliyense wozindikira amadziwa kuti kachigawo kotsalako ndi komwe kanakugonjetsani inuyo.

Tiyese samu ndi manambala ongoyerekeza, si mitengo ya pa msika. Muli ndi Mustang coupe ya 1967 yobadwa ndi 289 wamba, giredi 3. Munaikamo 302, giyabokosi ya magiya asanu, mabuleki a disiki, marimu aakulu ndi zoimbira. Malisiti onse akukwana R700,000. Zisanu zofanana nayo zinagulidwa pa R380,000, R420,000, R450,000, R470,000 ndi R610,000. Mukataya yapamwamba ndi yapansi, pakati ndi R450,000. Tsopano yang'anani kusiyana kokha. Zitatu zapakatizo zinali kale ndi V8 ndi madisiki, choncho zimenezo musaziwerengerenso kachiwiri. Ambiri amalakwitsa pomwepa. Zinalibe giyabokosi ya magiya asanu, yomwe munagula R60,000: onjezani R30,000. Penti wanu watuluka matuza m'munsi mwa zitseko pomwe wawo analibe: chotsani R25,000. Marimu ndi zoimbira, ziro. Mwafika pa R455,000. Malisiti a R700,000 aja sanalowe m'samuyi kupatula limodzi.

Musanachoke apa, yang'anani kumwamba. Kodi ndi ndalama yomwe mukufunayo, wogula angapeze chiyani choposa yanu? Ngati mtengo wa coupe yanu wayandikira wa fastback yeniyeni, kapena clone yanu ikupumira m'khosi SS ya mapepala, mwapitirira.

6. Mapepala ndi dziko lomwe galimoto ili

Ku South Africa, mukasintha injini nambala yatsopano imayenera kulowa mu NaTIS, kaundula wa boma wa magalimoto, ndipo izi zimadutsira ku chikalata cha apolisi. Ngati pepala likunena injini ina, galimoto ili ndi ina, konzani musanatsatse, apo ayi wogula adzakudulani zoposa mtengo wa vutolo. Yolembedwa Code 3, kutanthauza yomangidwanso, imatsika mtengo ngakhale ikongole bwanji, poti mabanki ndi a inshuwalansi amaikayikira. Ya chiwongolero chakumanzere yomwe inalembetsedwa kuno kalekale ili ndi mwayi, chifukwa kulowetsa ndi kulembetsa ina yotere masiku ano n'kovuta zedi. Yomwe chiwongolero anachisamutsira kumanja imakondedwa ndi woyendetsa wa kuno, wa ku Britain kapena ku Australia ngati ntchitoyo inagwiridwa bwino, koma msika wa ku America mwautseka.

Ku Britain galimoto yopitirira zaka 40 siyikakamizidwa kupita ku MOT, kuyezedwa kwa chaka ndi chaka ngati ili yoyenera pamsewu, pokhapokha ngati inasinthidwa kwambiri m'zaka 30 zapitazi, ndiye wogula adzafunsa za injini ndi chasisi. Ku California za 1975 kupita m'mbuyo siziyezedwa utsi, za 1976 zimayezedwa.

Musangotenga mtengo wa ku America n'kuuchulukitsa ndi mphamvu ya dola. Ogula a kuno ndi ochepa, ndipo kumudzi ku Malawi mungawawerenge pa zala. Mukaloza wogula wakunja, monga a ku Australia omwe akhala akutenga ma Fairmont GT kuno, dziwani kuti iye akuchotsera za sitima ndi msonkho wa kwawo pa mtengo womwe angakupatseni.

7. Lembani manambala atatu

Yoyamba ndi yomwe samu yakupatsani. Yachiwiri ndi yotsatsira, yokwera pang'ono kuti wogula apeze ponenerera. Ine sindipitirira 10 pa 100 pamwamba pa yoyamba. Mukakweza kwambiri "kuti muone", ogula enieni saimba n'komwe, amangodutsa, ndipo mumatsala ndi ocheza. Yachitatu ndi yomwe simungatsike kupyola pamenepo. Imeneyi ilembeni papepala muli nokha, mtima uli m'malo, mutachotsera komishoni ya okushoni kapena ya wokugulitsirani, ya chiphaso cha pamsewu ndi ya mayendedwe. Munthu akaika ndalama pa boneti mutu umasokonekera, ndiye pepalalo likhale m'thumba.

Ngati mukufuna ndalama mwezi uno, tsatsani pa nambala yoyamba, osati yachiwiri. Ndipo mtengo ulembeni poyera. Zoti "imbani tikambirane" zimauza wogula kuti mwina simukudziwa, mwina mukuopa kuutchula.

8. Mverani foni

Oyamba kuimba amakhala madobadoba, otchula theka la mtengo galimoto asanaione. Amenewo asakutayitseni mtima ndipo asakuphunzitseni mtengo. Wogula weniweni mumamudziwa ndi mafunso ake: amapempha chithunzi cha VIN, cha pansi pa galimoto, cha m'buti mutachotsa kapeti, ndi kanema wa injini ikulizidwa kozizira. Zimenezi zikonzeni musanatsatse, pamodzi ndi mndandanda wa zonse zomwe zinasinthidwa, chaka chake, ndi zida zakale zomwe zikupita nayo limodzi.

Pakatha masabata atatu kapena anayi popanda wa mafunso otere, vuto ndi mtengo kapena zithunzi, ndipo kawirikawiri ndi mtengo. Anthu akamabwera kudzaona n'kumachoka osatchula kanthu, ndiye kuti giredi munaikweza. Bwererani pa sitepe 3. Potsitsa, tsitsani kamodzi mooneka. Kudula R5,000 sabata iliyonse kumangophunzitsa ogula kudikira sabata yotsatira. Anthu atatu osadziwana akatchula mtengo woyandikana, ulembeni pambali pa nambala yachitatu ija, muone kuti kusiyana kwake kungalipire miyezi ingati ya inshuwalansi ndi lendi ya pomwe galimotoyo ikugona.